Zala Khumi ndi Zinayi za ku Rivirivi

Elliam anamwalira Lachiwiri m'mamawa. Pamene ine ndimatsika panjinga pakhomo pake ku Rivirivi, dzuwa linali litakwera ndithu, koma kumanda kunali kusanagwe khasu ndi limodzi lomwe.

Upolisi ndaugwira zaka makumi awiri ndi mphambu, maliro ndawaona a mitundumitundu, koma maliro osowa amuna ndinawaona tsiku lokhalo. Munali mu Okutobala wa 1952, kutentha kwa ku Balaka kuja kumene ngakhale mbuzi zimasiya kudya. Pakhonde panali amayi owerengeka akuimba motsitsa mawu. Amuna onse a m'mudzi anali tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa bwemba, atafulatira nyumba ya maliro.

Wakuphayo sanandivutitse. Japhet, mlimi wa thonje, anabwera yekha kupolisi Lolemba madzulo malaya ali magazi okhaokha, n'kunena kuti wamenya mphunzitsi Elliam ndi chitsulo cha pasikelo kumsika wa thonje. Bwana wanga mzungu analemba mizere itatu n'kutseka buku. Kwa iye mlandu unali utatha. Ine mtima unakana, chifukwa Japhet ndinkamudziwa, sanali munthu wa ndewu, ndipo mwana wake woyamba anaphunzitsidwa kuwerenga ndi Elliam yemweyo.

Nkhani inayambira pa lamulo latsopano. Boma linkafuna kuti thonje lonse lizigulitsidwa kwa kampani imodzi, ndiponso thumba lililonse lizidulidwa msonkho lisanachoke pasikelo. Linalengeza kuti azungu atatu abwera kuchokera ku Zomba kudzamva maganizo a anthu pa Balaka, Lachinayi. Panali chinthu chimodzi chokha: wofuna kudzalankhula atumiziretu dzina lake m'kalata. Elliam, pokhala wodziwa cholembera, analemba kalatayo, alimi khumi ndi anayi anadindapo zala. Ndiye Lolemba pachitseko cha msika panapezeka chipepala: msonkhano walephereka chifukwa palibe amene wapempha kulankhula. Anthu sanafunse kawiri. Anati mphunzitsi wagulitsa kalata kwa a kampani.

Ndinawoloka msewu kupita pansi pa bwemba paja. Mkulu wa adzukulu, a Willard, sanadzuke n'komwe.

"A Kopolo Yotamu, mwabwera kudzatimanga?"

"Ndabwera kumaliro."

"Ndiye mwasochera. Kuno kulibe."

"Munthu wagona m'nyumbamo, a Willard. Ndi dzuwa ili simungamusunge mpaka mawa."

Anandionetsa chala chawo chachikulu. Inki inali idakaoneka m'mizere ya khungu. "Ichi anachitenga yekha, n'kuchidinda papepala. Envulopu anamata tikuona tonse, Loweruka lija, masiku khumi apitawo, kunyambita ndi lilime lake. Lero akuti Rivirivi yense alibe pakamwa. Munthu wagulitsa zala zathu, timukumbire ndi zala zomwezi? Iyayi. Amukumbire a kampani."

"Nanga kalatayo ikapezeka?"

"Ikapezeka tikumba. Koma dzuwa likapendeka ife tikupita kumunda."

M'nyumba ndinangosuzumira. Mkazi wa malemu, Anastasia, anali atakhala kumutu kwa mtembo, akuthamangitsa ntchentche ndi kansalu. Anandiuza kuti amuna akakanitsitsa, akumba okha amayi. Ndinachita manyazi ngati mwamuna. Pakona panali mayi ake a Elliam, a Matilda, nkhalamba yowonda ya Chilomwe, akulira chogwedezeka. Sankaitana Elliam. Ankaitana dzina lina: "Namakhula! Namakhula!" Ndinangoti mwina ndi dzina lake la paubwana, n'kukwera njinga.

* * *

Kaofesi ka Boma pa Balaka kanali pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kalaliki wake, Lyford, anali mmodzi wa anthu aja amene tayi savula ngakhale thukuta likuyenda m'makutu. Sindinkamukonda ndipo iye ankadziwa.

"Sore, Kopolo, nkhani imeneyo ndi yotseka. Notisi inatuluka."

"Anailemba ndani?"

"Anailemba ku Zomba. Ine ndinangotumiza waya kuti rikwesti palibe. Rulu ndi rulu. Deti ikakwana, palibe dzina, mabwana sangawononge petulo kudzayang'ana mabenchi."

"Misonkhano yotere imalepherekalephereka?"

Anaseka. "Inu mwabwera liti m'dziko muno? Chaka chatha wa msonkho wa njinga unalephereka, akuti bwana wadwala malungo. Wa malayisensi a sitolo, akuti mlatho wakokoloka, pamene mvula inali isanagwe. Nthawi zina amangomva kuti anthu akwiya kwambiri, basi amati tidzabwera pena. Koma uwu ndi woyera. Palibe anapempha. Ngakhale bwanamkubwa atafunsa, fayilo ili apa."

Ndinamvetsa chimene ankatanthauza. Mwa zifukwa zonse, Boma limakonda chimenechi, chifukwa wolakwa amakhala anthu eni ake.

"Kuchokera ku Rivirivi simunalandire kanthu?"

Anayamba kukonza zolembera zimene zinali zokonzeka kale.

"Lyford, munthu wafa."

"Inabwera envulopu," anatero potsiriza. "Koma munalibe rikwesti. Munali zinyalala. Ndinayesa wina akuseweretsa Boma."

"Munataya?"

"Ine sinditaya pepala!" Apa ndiye anakwiya zenizeni. Anatsitsa fayilo pamwamba pa kabati, n'kuyamba kuikuntha patebulo. "Taonani! Nyerere! Sabata yonse ndikulimbana nazo. Mafayilo ena onse sizikhudza, zangokonda ino."

Envulopu inali yolembedwa ndi dzanja la Elliam, zilembo zake zoongoka zija. Lyford anali ataidula m'mbali ndi mpeni, moti pomata panali posatsegula. Nyerere zinali zitaunjikana pomwepo, pamzere womatawo. Ndinakanda ndi chikhadabo, panatuluka tinthu toyera touma. Ndinalawa. Lyford anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Guluu wanu nyerere zimadya?"

"Wa Boma? Ngakhale mphemvu zimamuthawa."

Uwu sunali guluu wa Boma, sunalinso wa pa envulopu ya m'sitolo. Linali phala la ufa wa chinangwa. Wina anatsegula kalata imene Elliam anamata pamaso pa anthu, n'kuimatanso.

Ndinatulutsa chimene chinali m'kati. Linali pepala lakalekale, lachikasu, lofewa chifukwa cha kupindidwa zaka zambiri. Zolembedwazo sizinali Chingerezi. M'munsi munali chidindo chofufutika, ndi chala chimodzi chachikulu.

"Chipwitikizi," anatero Lyford monyoza. "Ngati mukufuna wakuba wanu, funsani wamtokoma. Jimu uja anakhala ku Beira zaka zisanu."

* * *

Jimu ndinamupeza kuseri kwa siteshoni, atatembenuza njinga yake akumata chubu. Ndiye ankazungulira midzi kutolera makalata. Anali Myao wa kwa Kawinga, wamfupi, wolankhula ndi manja onse awiri.

"Kalata ya aphunzitsi? Eee, ndinatenga. Lolemba la sabata yatha, pasukulu. Anatuluka m'kalasi choko chili m'manja, anaponya okha m'chikwama."

"Panjira munaima pati?"

"Achimwene, ine ndimaima paliponse. Ndimaswali, ndimamwa madzi, njingayi imaphulika katatu patsiku."

"Kwa a kampani ya thonje?"

Anaika chubu pansi. "Walahi, mukufuna kundipachika ine? Bwerani muone." Anakoka chikwama cha chinsalu cholimba chimene chinali pamthunzi. Pakamwa pake panali loko, m'mbali kabowo kopyapyala koponyerapo makalata. "Kiyi ali ndi bwana tayi uja. Lowetsani dzanja, tione. Lowetsani!"

Ndinayesa. Ngakhale zala ziwiri sizinalowe. Ndinazunguliranso chikwama chonse kufuna posokedwa mwatsopano, panalibe.

Ndinakhala pachitsa n'kuyamba kuwerengetsa. Jimu sakanatha kutulutsa kalata m'chikwama. Lyford akanatha, koma munthu wokhala ndi botolo la guluu patebulo sangakaphike phala, ndipo akanakhala wakuba sakanasunga umboni mufayilo. Ndiye kuti envulopu inatsegulidwa isanalowe m'chikwama, pakati pa Loweruka ndi Lolemba, idakali m'nyumba ya Elliam. Maganizo amenewo sanandikondweretse. Ankatanthauza kuti mwina a Willard akunena zoona.

"Chipwitikizi mumawerenga?"

"Pang'onopang'ono. Cha padoko."

Ndinamupatsa pepala lija. Analitalikitsa, n'kuliyandikitsa, milomo ikuyenda. Nthabwala zonse zinamuthera.

"Ichi mwachitenga kuti? Ichi ndi chipepala cha chibalo. Kale kutsidyaku kwa Apwitikizi ankatero. Amabwera m'mudzi, akuti amuna lembetsani maina, akuluakulu akufuna kumva mavuto anu. Mukadinda chala, basi mwavomera ntchito. Ena kunjanji, ena kuminda ya kutali. Kwa mkazi amasiya kapepala kotere." Analoza ndi chala chakuda ndi guluu wa chubu. "Chaka ndi 1919. Miyezi isanu ndi umodzi, akutero apa. Amalume anga analemberedwa isanu ndi umodzi yomweyo, mpaka lero sanabwerere."

"Dzina lilipo?"

Anatsinzina diso limodzi. "Na... ma... Namakhula."

Sindikumbuka ngati ndinamutsanzika.

* * *

Ulendo wa ola lathunthu ndinauyenda mwina theka. Pofika, mthunzi wa bwemba unali utayamba kutalika, ndipo amuna ena anali ataimirira akukuntha fumbi. Ndinawakuwira kuti adikire. Pakhonde fungo linali litayamba kumveka, amayi atayatsa masamba kuti utsi uziphimba. Makasu awiri anali atatsamiritsidwa pakhoma, ndipo Anastasia anali atamanga nsalu m'chiuno.

Ndinamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Namakhula ndi ndani?"

"Apongozi anga aamuna. Ine sindinawaone, ngakhale malemuwa sanawaone. Anatsala kwawo kutsidyako, mayiwa anabwera kuno ali ndi pakati. Dzina limenelo amalitchula pamaliro pokha."

"Kalata ya alimi inagona pati?"

"M'buku la mapemphero, pamwamba pa mpanda wa chipinda."

"Lamulungu munapita kutchalitchi nonse?"

"Tonse. Kupatula mayi, ankati mwendo ukuwawa." Anaima. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kukanyumba ka apongozi ake. "Titabwerako tinapeza aphika phala la chinangwa. Ndinadabwa, chifukwa linali lochepa, la m'kachibade. Ngakhale mwana sangakhute."

Anagwira pakamwa. Ndinamupempha kuti asanene kanthu kaye.

A Matilda anali atachoka pamtembo, atakhala okha pakhomo pa kanyumba kawo, miyendo atatambasula. Ndinavula chipewa, n'kukhala pansi chapatali. Ndamangapo akuba ng'ombe, ndagwirapo anthu a mikondo, koma sindinaopepo munthu monga ndinaopera nkhalamba imeneyo. Ndinatulutsa pepala lachikasu lija n'kuliika pamphasa.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analitola, n'kulipinda m'mizere yake yakale osayang'ana n'komwe.

"Alibweza," anatero. "Sanalifune?"

"Munaliika ndinu mu envulopu, mayi?"

"Ndine."

"Chifukwa chiyani?"

"Inu ndinu mwana, simunaone." Chichewa chawo chinali cholemera, cha munthu amene anachiphunzira atakula. "Kwathu anabwera chimodzimodzi. Akuti akuluakulu akufuna kumva. Amuna anasamba, anavala bwino, anapita kukalankhula. Bambo ake a uyu ndi amene anatsogolera, ankadziwa kuyankhula. Anadinda. Madzulo ine anandibweretsera ichi. Ndiye Loweruka ndikuchokera kumtsinje, ndikuona amuna ali pamzere pakhonde la mwana wanga, zala zakuda. Mawu omwewo. Akuluakulu akufuna kumva. Ndinamuuza, mwanaka, usapereke. Anaseka. Akuti mayi, kuno ndi kwa Angerezi."

"Ndiye munatsegula."

"Ndinaika pa nthunzi ya mphika. Amafuna chala. Ndinawapatsa chala cha munthu amene anamutenga kale, kuti akaona adziwe kuti nyumba ino inapereka."

M'mutu mwanga munali mawu ambiri a chipolisi, koma panalibe ndi limodzi loyenera.

"Kalata yeniyeniyo munaotcha?"

Anandiyang'ana modabwa. "Kuotcha zala za anthu amoyo? Ndine mfiti ine?" Anamasula mfundo ya nsalu ya m'chiuno. Munali kachikwama ka chikopa, mmene pepala lachikasu lija linakhala zaka makumi atatu ndi zitatu. Tsopano munali pepala loyera. "Ndimafuna kuchotsa chake chokha. Koma zonse n'zofanana, ine sindiwerenga. Ndiye ndinasunga zonse."

"Dzulo atamumenya, bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Kuchipatala cha mishoni ndinamuuza m'khutu. Sanamve. Kwa awo pansi pa mtengo ndinayesa m'mawa uno. Msewu sindinauwoloke."

Lamulo ndinkalidziwa. Kalata inali isanalowe m'chikwama cha Boma, choncho panalibe mlandu woti ndiwamangire. Koma panali china choopsa kuposa ndende. Pansi pa bwemba panali amuna amene dzulo lomwelo anaonerera munthu akuphedwa chifukwa cha pepala limeneli. Ndinawauza mayiwo kuti ndikhoza kunena kuti ndalipeza litagwera kuseri kwa mpanda, ndipo palibe angadziwe.

"Adzati mwana wanga anabisa yekha," anayankha. "Ndigwireni dzanja."

* * *

Tinawoloka msewu pang'onopang'ono. Amayi pakhonde anasiya kuimba. Amuna amene anali atayamba kuchoka anabwerera.

A Matilda sanakhale pansi, ngakhale mwambo unkafuna kuti atero. Anaima pakati pa amuna aja n'kunena zonse, mwachidule kuposa mmene anandiuzira ine. Sanapemphe chikhululuko. Nditatambasula pepala loyera lija, a Willard analiyandikira, n'kuika chala chawo pambali pa chidindo chachitatu.

Wina kumbuyo anatukwana. Wina anatola mwala. Ndinaika dzanja pa chibonga changa. Koma mkulu wina wa imvi, amene makolo ake anachokeranso kutsidya, anayankhula osakweza mutu. "Bambo anga anadindanso," anatero. Mwala uja unagwera pansi.

"Ndiye tikaitumiza lero," anafunsa a Willard, "azunguwo abwera Lachinayi?"

Ndikanakonda kunama. "Sabwera. Tsiku lotumizira maina linadutsa. Lamulo lipita momwe analilembera, ndipo m'mabuku mwawo mukhala kuti Rivirivi sanafune kulankhula."

"Tiwerengereni," anatero. "Ifeyo tinangomva kamodzi."

Sinali ntchito yanga, koma ndinawerenga. Kalatayo inali yaifupi. Inkati ife alimi a thonje a ku Rivirivi tikupempha mwaulemu kuti timvedwe, chifukwa thonje timalima ndife ndipo sikelo sitiloledwa kuiyang'ana. Kenako maina. Ndinatchula loyamba, munthu anayankha kuti "Ndilipo," ngati kusukulu, n'kuimirira. Lachiwiri chimodzimodzi. A Willard anayankha ali chogwada. Dzina lachisanu ndi chinayi linali la Japhet. Ndinalitchula, panangoti zii, ndinadikira pang'ono n'kupitiriza.

Nditamaliza palibe analamula kanthu. A Willard anapita pakhonde, anatenga makasu awiri aja amene amayi anakonzera, limodzi anapatsa mnzawo. Ena anathamangira kwawo kukatenga awo. Anastasia anamasula nsalu m'chiuno, n'kukhala pansi pomwepo, ndipo m'pamene analira koyamba tsiku limenelo.

Tinatsala awiri pansi pa mtengo. Ndinkapinda pepala pamene a Matilda anandigwira mkono.

"Inu mumawerenga. Ndionetseni chala cha mwana wanga. Ndi chiti?"

Ndinayang'ana zidindo khumi ndi zinayi zija, ngakhale ndinkadziwa kale. Ndinayamba pamwamba mpaka m'munsi, kuti ndipeze nthawi.

"Palibe, mayi."

"Palibe bwanji?"

"Iye sanadinde. Ankadziwa kulemba. Dzina lake ndi ili, pansi penipeni." Ndinaloza zilembo zoongoka zija. Pambali pake Elliam anali atalemba mawu ena ang'onoang'ono, ndipo chifukwa anandifunsa, ndinawawerengera. Ankati iye si mlimi wa thonje ndipo sadzalankhula, wangowalembera anzake.

"Ndiye sakanapita n'komwe?"

"Sakanapita."

Anatenga pepala lija ndi manja onse awiri. Anafunafuna pamene ndinaloza, n'kuphimba dzinalo ndi chala chawo chachikulu, n'kukanikiza. Kumanda khasu loyamba linamveka likugunda nthaka youma, kenako lachiwiri, ndipo a Matilda sanachotse chalacho.